Nyimbo za ku Japan Zoyamba ndi "Sa"

Munthu aliyense amene anagwirako ntchito yosunga mbale za nyimbo m'nyumba youlutsira mawu amadziwa kuti nyimbo yoikidwa pamalo olakwika ili ngati nyimbo yotayika. Mbaleyo ilipo ndithu, yosasweka ndi yosakandika, koma womvera amene anaipempha sadzaimva, pakuti woulutsa mawu waifunafuna osaipeza. Chifukwa cha ichi, mtundu uliwonse wa anthu odziwa kulemba uli ndi njira yake yondandalikira maina. Angerezi amatsata A, B, C. Anthu a ku Japan ali ndi njira yawoyawo, ndipo njirayo siwerenga zilembo chimodzichimodzi koma maphatikizo. Nkhani ino ikulongosola njira imeneyi, kenaka ikutsegula kabati imodzi yokha, ya nyimbo zimene maina ake amayamba ndi phatikizo la "sa", kuti omvera aone zimene zasungidwa m'menemo.

Kandandalikidwe ka mawu

Mwana wa ku Malawi akangoyamba sukulu amaimba a, e, i, o, u, kenaka ba, be, bi, bo, bu. Mwana wa ku Japan nayenso ali ndi malembo a liwu asanu omwewo, koma amawatchula mwa dongosolo lina: a, i, u, e, o. Akatha apo amapita ku ka, ki, ku, ke, ko, ndiyeno sa, shi, su, se, so, mpaka atamaliza mizere ya ta, na, ha, ma, ya, ra ndi wa. Kumapeto kwenikweni kuli "n" woima payekha. Ndandanda umenewu amautcha gojuon, kutanthauza mamvekedwe 50, ngakhale kuti zizindikiro zimene ana amaphunzira masiku ano zilipo 46. Dongosolo lake linachokera kwa ansembe a chipembedzo cha Buddha, amene kalekale ankaphunzira kalembedwe ka chinenero cha Sanskrit cha ku India, natengera m'mene eni ake ankandandalikira mamvekedwe.

Kusiyana kwakukulu ndi uku: m'Chichewa "sa" ndi zilembo ziwiri zophatikizidwa, koma m'Chijapani ndi chizindikiro chimodzi chosagawika, cha nambala 11 pa ndandandawo. Tsono munthu wa ku Japan akamaganiza za chiyambi cha liwu, saganiza za "s" ayi, amaganiza za "sa". Nyimbo yoyamba ndi "sa" ndi ina yoyamba ndi "so" sizili m'kabati imodzi. Ngakhale masewera a ana amaonetsa zomwezi. Pali masewera otchedwa shiritori, pamene mwana amatchula liwu, mnzake n'kutchula lina loyamba ndi phatikizo lomaliza la liwu loyambalo. Amene watchula liwu lothera ndi "n" wagonja, pakuti m'Chijapani mulibe liwu wamba loyamba ndi chizindikiro chimenecho.

Chinthu china chofunika kudziwa ndi chakuti Chijapani chimalembedwa m'njira zitatu nthawi imodzi. Pali hiragana, zizindikiro za maphatikizo zolembera mawu a eni dziko; pali katakana, za maphatikizo omwewo koma zolembera makamaka mawu obwereka; ndiponso pali kanji, zizindikiro zochokera ku China zoimira tanthauzo la liwu. Wondandalika maina sayang'ana kuti dzina lalembedwa m'njira iti. Iye amafunsa funso limodzi lokha: kodi dzinali likatchulidwa pakamwa, liyamba ndi phatikizo lanji?

Kumene njirayi inagwira ntchito yaikulu

Malo amene anthu wamba anaifuna kwambiri njirayi ndi m'nyumba za karaoke. Liwuli ndi mawu awiri olumikizidwa: kara, kutanthauza chopanda kanthu, ndi oke, chidule cha liwu la Chingerezi lonena za gulu la oimba ndi zipangizo. Makina ake amaliza zoimbira zokha popanda mawu a woimba, kuti munthu wamba aimbe yekha. Shigeichi Negishi anapanga makina otere ku Tokyo mu 1967, ndipo Daisuke Inoue, woimba ng'oma wa ku Kobe, anayamba kubwereketsa ake m'malo omwera mu 1971. Kwa zaka zambiri chipinda chilichonse cha karaoke chinali ndi buku lalikulu ngati la manambala a telefoni, lokhala ndi maina a nyimbo zikwizikwi, mbali ina zondandalikidwa potsata dzina la nyimbo, mbali ina potsata dzina la woimba. Munthu ankapeza nambala ya nyimbo m'bukumo n'kuilowetsa m'makina. Pambuyo pake mabukuwo analowedwa m'malo ndi tizipangizo togwira m'manja, koma ngakhale pamenepo wofuna nyimbo amadina maphatikizo oyamba a dzina lake.

Nkhaniyi ikukhudzanso ndalama. Ku Japan kuli bungwe lotchedwa JASRAC, lokhazikitsidwa mu 1939, limene limatolera malipiro a opeka nyimbo ndi olemba mawu ake nthawi imene nyimbo yaimbidwa pa wailesi, pa wailesi yakanema kapena m'nyumba za karaoke. Nyimbo yosapezeka siimbidwa, ndipo nyimbo yosaimbidwa sibweretsa kanthu kwa mwini wake.

Maluwa a sakura

Wotsegula kabati ya "sa" amayamba wadabwa ndi kuchuluka kwa nyimbo za dzina limodzi, Sakura. Sakura ndi mtengo wamaluwa wotchuka koposa m'dzikolo. Mtundu wake wofala, wotchedwa Somei Yoshino, umachita maluwa oyera motuwira ku pinki masamba asanaphuke, kotero kuti mtengo wonse umaoneka maluwa okhaokha, monga achitira jakaranda m'nyengo yotentha. Maluwawo amayamba kum'mwera kwa dziko, pa chilumba cha Kyushu, chakumapeto kwa Malichi, n'kumakwera chakumpoto mpaka kufika ku Hokkaido chakumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi. Ku Tokyo a zanyengo a boma amayang'anira mtengo umodzi wosankhidwa pa kachisi wa Yasukuni, ndipo maluwa asanu kapena asanu ndi limodzi akangomasula pa mtengowo, amalengeza kuti nyengo yayamba. Mabanja ndi anthu ogwira ntchito pamodzi amayala nsalu pansi pa mitengo, kudya ndi kumwa, mwambo umene amautcha hanami. Koma pakangopita sabata ziwiri, maluwa onse amakhala atayoyoka.

Nyimbo yakale koposa m'gululi ndi "Sakura Sakura". Wopeka wake sadziwika, koma inafala itasindikizidwa mu 1888 m'buku la ophunzira kuimba koto, chipangizo chachitali chogoneka pansi chokhala ndi nsambo 13. Nyimboyi inaoloka nyanja msanga, pakuti Giacomo Puccini wa ku Italy anatengako kayendedwe kake n'kuika m'sewero lake loimba la Madama Butterfly mu 1904.

Kodi n'chifukwa ninji oimba a masiku ano abwerera ku duwa limeneli kawirikawiri? Yankho lili m'kalendala. Ku Japan chaka cha sukulu chimatha mu Malichi n'kuyamba mu Epulo. Chaka cha ndalama za boma ndi cha makampani ambiri chimayambanso pa 1 Epulo, ndipo ndi nthawi imene achinyamata amayamba ntchito ndi pamene antchito ambiri amasamutsidwa. Motero maluwawo amamasula pa masiku enieni amene ophunzira akutsazikana ndi anzawo, mwana akuchoka kwa makolo kupita kumzinda, ndi okondana akulekana pa siteshoni ya sitima. Woimba akatchula sakura, womvera wa ku Japan amakumbukira tsiku limene iye mwini anatsazika.

Mu Epulo 2000 Masaharu Fukuyama anatulutsa "Sakurazaka", dzina la kamsewu kotsetsereka kokhala ndi mitengo ya sakura m'dera la Ota mu Tokyo. Mbale zake zinagulidwa zoposa 2 miliyoni, ndipo anthu anayamba kupita kukaona kamsewuko. Mu 2002 Hikaru Utada anaimba "Sakura Drops". Mu Malichi 2003 Naotaro Moriyama, mwana wa woimba wotchuka Ryoko Moriyama, anatulutsa "Sakura" yake, yoimbidwa ndi liwu limodzi ndi piyano basi. Sinatchuke tsiku limodzi, koma inakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pamwamba pa ndandanda wa Oricon, umene wakhala ukuwerenga malonda a nyimbo kuyambira 1968, ndipo inasanduka nyimbo ya pa mwambo wotsiriza sukulu. Mu 2005 magulu awiri, Ketsumeishi ndi Kobukuro, anatulutsa lililonse "Sakura" yake, ndipo mu 2006 gulu la Ikimonogakari linatulutsanso ina.

Apa pakuoneka nzeru ya njirayi, ndi vuto lake lomwe. Moriyama ndi Ketsumeishi analemba dzinalo mu hiragana, Kobukuro analemba mu kanji, pamene Ikimonogakari analemba m'zilembo zazikulu za Chingerezi. Pa pepala mainawo safanana, koma m'kamwa ndi dzina limodzi, choncho nyimbo zonsezi zimakhala moyandikana. Wopempha "Sakura" osatchula woimba ali ngati munthu wofika m'mudzi waukulu n'kufunsa za a Phiri.

Mawu otsazikira

Liwu lachiwiri lodzaza kabatiyi ndi sayonara, limene alendo ambiri amalidziwa. Linachokera ku mawu akale akuti sayo naraba, kutanthauza "ngati zili tero". Ana a sukulu amalinena kwa mphunzitsi poweruka, koma akuluakulu pakati pa abwenzi salinena wamba, popeza limamveka ngati la anthu amene sadzaonananso msanga. Gulu la Off Course, lotsogoleredwa ndi Kazumasa Oda, linatulutsa "Sayonara" mu Disembala 1979, ndipo ndiyo inawatchukitsa m'dziko lonse.

Koma nyimbo yotsazikira imene anthu a ku Japan saiwala ndi "Sayonara no Mukogawa", kapena kuti tsidya lina la kutsazikana, ya Momoe Yamaguchi. Mtsikanayu anabadwa mu 1959, nayamba kuimba mu 1973 ali pa sukulu, ndipo pofika 1980 anali mmodzi mwa oimba otchuka koposa m'dzikolo. Ali ndi zaka 21 zokha analengeza kuti akukwatiwa ndi Tomokazu Miura, mnzake wa m'mafilimu, ndi kuti akusiya kuimba. Yoko Aki analemba mawu a nyimboyo ndipo Ryudo Uzaki anapeka kaimbidwe kake. Pa 5 Okutobala 1980, m'holo yaikulu ya Nippon Budokan ku Tokyo, Yamaguchi anaimba nyimboyi pomalizira penipeni, atavala zoyera, misozi ili m'maso. Atatha anawerama, naika maikolofoni pansi pa nsanja, n'kuchoka. Ambiri anayesa kuti adzabwerera monga achitira oimba ena, koma iye anasunga mawu ake.

Nyimbo za makatuni

Makatuni a ku Japan, amene eni ake amati anime, ali ndi mwambo wakuti pulogalamu iliyonse imatsegulidwa ndi nyimbo yake n'kutsekedwa ndi ina. Nyimbozo zimapekedwa ndi akatswiri, ndipo zambiri zimakhala ndi moyo wautali kuposa makatuni ake.

Imodzi mwa izo m'kabatiyi ndi "Sazae-san". Nkhani yake inayamba mu 1946 ngati zithunzi zoseketsa za m'nyuzipepala zojambulidwa ndi mayi Machiko Hasegawa, ndipo pa 5 Okutobala 1969 inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ya Fuji. Ndi nkhani ya banja wamba la mibadwo itatu m'nyumba imodzi, ndipo maina a anthu ake ndi a zinthu za m'nyanja. Sazae ndi mtundu wa nkhono ya m'nyanja, mlongo wake Katsuo ndi dzina la nsomba, mng'ono wake Wakame ndi ndiwo zomera m'madzi, ndipo mayi wawo Fune ndi bwato. Nyimbo yotsegulira inapekedwa ndi Kyohei Tsutsumi n'kuimbidwa ndi Yuko Uno. Mu 2013 buku la Guinness linalemba pulogalamuyi kuti ndiyo makatuni okhalitsa koposa pa wailesi yakanema m'dziko lonse lapansi. Popeza nthawi yake yakhala ya Lamulungu madzulo, 6:30, anthu anafika potcha kulemera kwa mtima kumene munthu amamva pokumbukira kuti mawa ndi Lolemba kuti ndi matenda a Sazae-san.

Ina ndi "Sanpo", kutanthauza kuwongola miyendo, yotsegulira filimu ya Tonari no Totoro imene Hayao Miyazaki wa ku Studio Ghibli anatulutsa mu 1988. Filimuyo ikunena za ana awiri aakazi amene asamukira kumudzi ndi bambo wawo kuti akhale pafupi ndi chipatala chimene mayi wawo wagonekedwa. Joe Hisaishi anapeka kaimbidwe koguba, Azumi Inoue anaimba, ndipo mawu ake analemba Rieko Nakagawa, wolemba mabuku a ana amene poyamba anali mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Nyimboyi inatuluka m'filimu n'kulowa m'sukulu za ana aang'ono, kotero kuti ana ambiri amaidziwa asanaone filimuyo.

Alendo a m'kabati

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha poyang'ana m'kabati ya "sa" apezamo nyimbo zimene mlendo angalumbire kuti zasokera.

Yoyamba ndi "Zankoku na Tenshi no Teze", mfundo ya mngelo wankhanza, imene Yoko Takahashi anaimba potsegulira makatuni a Neon Genesis Evangelion a Hideaki Anno, oonetsedwa kuyambira Okutobala 1995 mpaka Malichi 1996 m'zigawo 26. Dzinali likuyamba ndi "za", nanga lafika bwanji pano? M'Chijapani "za" alibe chizindikiro chakechake. Amalemba "sa" yemweyo n'kuika timizere tiwiri pamwamba chakumanja. Chimodzimodzi "ka" amasanduka "ga", "ta" amasanduka "da", ndi "ha" amasanduka "ba". Pondandalika, timizereto satiwerengera poyamba. Wozolowera A, B, C akafuna nyimboyi kumapeto kwa buku, pamene ili pafupi ndi kumayambiriro. Kusintha komweku kukuoneka m'dzina la "Sakurazaka": liwu la mtsetse ndi saka, koma likalumikizidwa kumbuyo kwa lina limamveka zaka. Nyimbo ya Takahashi ndi umboninso wa ndalama zija, pakuti mu 2011, patapita zaka zoposa 15 chitulukire, JASRAC inaipatsa mphoto yoyamba ya nyimbo imene inabweretsa malipiro ochuluka koposa m'chaka. Pafupi nayo pali "Zankyo Sanka" ya Aimer, ya m'makatuni a Kimetsu no Yaiba, imene inakhala yoyamba pa ndandanda wa chaka chonse cha 2022 wa Billboard Japan.

Alendo achiwiri ndi maina oyamba ndi nambala. Nambala 3 m'Chijapani ndi san. Choncho nyimbo ya gulu la Remioromen imene dzina lake ndi deti, 9 Malichi, imalembedwa moyamba ndi 3 popeza Malichi ndi mwezi wachitatu, ndipo imatchulidwa kuti "Sangatsu Kokonoka". Anaipekera ukwati wa mnzawo, naitulutsa pa 9 Malichi 2004, koma ophunzira anaitenga kukhala nyimbo yotsirizira sukulu. M'gulu lomweli muli nyimbo ya Kiyoko Suizenji ya mu 1968 yonena za kuguba mapazi 365, pakuti 300 ndi sanbyaku.

Achitatu ndi mawu obwereka ku Chingerezi, ndipo awa ndiwo amasokoneza koposa. "Silent Majority", nyimbo yoyamba ya gulu la atsikana la Keyakizaka46 mu 2016, m'zilembo za Chingerezi ikuyamba ndi "si", koma eni ake amatchula sairento, choncho ili pa "sa". Mosiyana ndi imeneyi, "Sailor-fuku to Kikanju" ya Hiroko Yakushimaru, ya mu 1981, yonena za yunifolomu ya atsikana a sukulu ndi mfuti, ikuoneka ngati ya m'kabatiyi, koma liwu loyambalo amalitchula seera, motero malo ake ali pa "se". Gulu lija la Keyakizaka46 nalonso linasamuka: mu 2020 linasintha dzina kukhala Sakurazaka46, ndipo m'ndandanda wa oimba linachoka pa "ke" kubwera pa "sa".

M'ndandanda wa oimbawo dzina la banja ndilo limatsogola, monga mwa mwambo wa ku Japan. Ndiye chifukwa chake Kyu Sakamoto amapezeka pa "sa". Iyeyu ndiye mwini wa nyimbo imene maiko akunja amaidziwa kuti "Sukiyaki", imene inakhala yoyamba pa ndandanda wa Billboard ku America mu Juni 1963. Sukiyaki ndi dzina la chakudya cha nyama, ndipo silikhudzana konse ndi mawu a nyimboyo; amalonda akunja analisankha chifukwa chosavuta kutchula. Dzina lake lenileni, la mu 1961, ndi "Ue o Muite Aruko", ndipo kwawo imasungidwa pa "u". Sakamoto anamwalira pa 12 Ogasiti 1985, mmodzi mwa anthu 520 amene anafa pa ngozi ya ndege ya Japan Air Lines imene inagwa m'mapiri a Gunma.

Zofunika kukumbukira

Nyimbo za m'kabatiyi zinakumana mwangozi. Palibe amene anakonza kuti duwa, kutsazikana, nkhono ya m'nyanja ndi nambala 3 ziyambe ndi phatikizo limodzi. Komabe wozimvera motsatana amamva mwana woyamba kuyenda ndi anzake, banja lokhala pamodzi Lamulungu madzulo, wophunzira wotsiriza sukulu mu Malichi, ndi woimba woika maikolofoni pansi. Kabati ya "ka" kapena ya "ha" ikanapereka nkhani ina.

Womvera wofuna nyimbo ya ku Japan, kaya polembera kalata ku wailesi kaya poifufuza pa intaneti, asunge zinthu zitatu. Adziwe dzina limene eni ake amaitcha, osati limene amalonda akunja anaipatsa. Adziwe m'mene dzinalo limatchulidwira pakamwa, pakuti kalembedwe kamanyenga. Ndipo atchulenso dzina la woimba, chifukwa "Sakura" alipo ambiri. Ngati wakayika, afunse kwa odziwa. Paja safunsa anadya phula.